Chipereganyu kapena ngongole ya kubanki?

Amayi anzanga a ku Mabvuku ndi Epworth, ife olima chimanga ndi nkhwani m'timinda ta m'mbali mwa tauni ya Harare kuno ku Zimbabwe, mbewu ndi feteleza zimafuna ndalama mvula isanagwe.

Chipereganyu, chomwe anzathu kuno amati mukando, chimayenda pa kukhulupirirana. Timasonkha madola mwezi ndi mwezi, wolandira n'kukagula thumba lake kumsika wa ku Mbare, osawonjezerapo kanthu. Vuto n'lakuti tsiku lako likhoza kufika anzako atapalira kale. Gwirizanani msanga kuti olima alandire mu Okutobala.

Zimbabwe Women's Microfinance Bank, yomwe inatsegulidwa mu 2018, imakongoza amayi, koma ngongole imabwezedwa ndi chiwongoladzanja. Woweta nkhuku zogulitsa angakwanitse. Chimanga changa n'cha nsima ya ana, sindigulitsa, ndiye ndingabweze ndi chiyani? Ine ndikhalabe ku chipereganyu.