Kuchoka ku Zomba kupita ku bwalo la ndege la Chileka pa minibasi

Minibasi zambiri za pa depoti ya Zomba zimathera ku Limbe, ndiye wopita ku Chileka amakwera katatu: ya ku Limbe pa msewu wa M3, ya ku Blantyre, kenako ya ku Chileka, makilomita pafupifupi 16 kuchoka m'tauni. Mtengo ulibe vuto, chopweteka ndi nthawi. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ndipo imaimaima pa Thondwe, Namadzi ndi Njuli, makamaka tsiku la msika.

Sutikesi yaikulu kondakitala amailipiritsa ngati munthu, apo ayi amaimanga kumbuyo buti ili yosatseka, fumbi lonse n'kuthera pamenepo. Pasipoti isakhale m'menemo.

Ngati ndege ndi ya m'mawa, tengani takisi, mugwirizane mtengo musanakwere. Ya masana minibasi ikwanira, bola munyamuke kudakali maola 5.