Excess ya inshuwalansi: zimene ndaona ku Joni

Abale anga a ku Ngabu, Nchalo ndi Bangula, moni kuchokera kuno ku Johannesburg. Galimoto ya Sienta ija tinasonkherana yafika, ndipo achimwene andiuza kuti a inshuwalansi awafunsa ngati akufuna excess yaikulu kapena yaing'ono. Ndati ndiyankhire poyera kuti ena ogula galimoto amve nawo.

Excess ndi gawo limene mwini galimoto amalipira yekha pakachitika ngozi, kampani n'kulipira zotsala. Tinene kuti kukonza kwafika R20,000 ndipo excess yanu ndi R5,000: inu mutulutsa R5,000, iwo R15,000. Zowonongeka zikachepera pamenepo, monga bampala yokalika, zonse ndi zanu. Mukasankha yaikulu, ndalama imene mumalipira kampani kuti mukhale pa inshuwalansi imatsika. Mukasankha yaing'ono, imakwera.

Anzathu ambiri kuno amathamangira yaikulu kuti pamwezi pazipepuka. Mnyamata wina wa ku Nsanje, amene amadya za galimoto yake, anagundana ndi mnzake pamaloboti. Kampani sinakane kulipira ayi. Galimoto inangokhala kugalaja, matayala n'kuphwa, fumbi mbuu pagalasi, chifukwa iye analibe gawo lake. Lendi ikumudikira, kumudzi akuimba foni. Tinachita kumusonkhera. Ine zinandiwawa, chifukwa munthuyu sanaphonyepo kulipira mwezi ndi umodzi womwe.

Malamulo a kuno ndi kwathu ndi osiyana. Ku South Africa boma silikakamiza munthu kukhala ndi inshuwalansi ya galimoto; ovulala pamsewu amathandizidwa ndi Road Accident Fund, imene imapeza ndalama pamtengo wa mafuta. Kwathu third party ndi lamulo, koma imalipira amene mwamugundayo. Yanu imakonzedwa mukakhala ndi comprehensive, ndipo m'menemo ndi mmene nkhani ya excess imakulira.

Tsono taganizani za msewu wathu wa M1. Makona otsikira ku Thabwa mabuleki atatentha. Ng'ombe zobwerera kukhola madzulo, mbuzi yongotulukira pamsika, akabaza atasenza matumba a makala, ngolo yopanda nyale. Kugunda zoterezi sikuphwanya galimoto yonse, koma kumaswa nyale, kupinda boneti, kuboola ladiyeta, ndipo kumabwerezabwereza. Amene ali ndi excess yaikulu amapezeka akudzilipirira nthawi zonse pomwe inshuwalansi ali nayo.

Ndalama zathu m'chigwamo zimabweranso ndi nyengo. Ngozi ikachitika thonje litangogulitsidwa, munthu apirira. Nanga ikachitika mu February, chimanga chitakwera mtengo, fizi ya ana isanathe? Mudzagulitsa mbuzi pamtengo wolira, apo ayi mudzagwa m'katapila.

Musanasaine, achimwene, afunseni akuwerengereni bwinobwino. Makampani ena amaika excess ya ndalama yokhazikika, ena amatenga peresenti ya zowonongeka. Ikakhala ya peresenti, kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo zipangizo zimachokera kunja. Mtengo wake ukakwera, gawo lanu limakwera nawo. Afunseninso za madzi osefukira, alembe papepala. Tonse tikudziwa zimene namondwe wa Ana anachita mu 2022 ndi wa Freddy mu March 2023. Ndipo ngati galimoto izichita matola, muwauze poyera, chifukwa yolembedwa kuti ndi ya pakhomo ikachita ngozi itanyamula olipira, kampani ikhoza kukana.

Amene ali ndi malipiro a pamwezi komanso ndalama yogona kubanki atenge yaikulu, apulumutsapo ndithu. Ife sitinafike pamenepo. Tengani yaing'ono, imene mungaitulutse tsiku lomwelo osagogoda pakhomo pa munthu. Yowonjezera ya chaka chino nditumiza ine mwezi ukatha.