Loji ya ku Nkhata Bay: yabwino kwa ife ochova njinga

Anzanga amene timachova nawo pa Great East Road Loweruka mmawa, mukafuna tchuthi cha kunyanja koma miyendo isaiwale mtunda, pitani ku Nkhata Bay. Senga Bay ndiyo ili pafupi mukadutsa pa malire a Mwami, koma kumeneko ndi chidikha, mtunda weniweni uli patali. Ku Nkhata Bay ukangochoka padoko pamene imaima sitima ya Ilala, ntchito yayamba: makilomita pafupifupi 47 kukafika ku Mzuzu, kuchoka pa mamita osakwana 500 kukwera mpaka kupitirira 1,200. Mapiri athu a pa Chipata, ngakhale Kanjala, amatha msanga. Mtunda uwu sutha. Umakhota, kukupumitsa pang'ono, n'kuyambanso, ndipo pofika pamwamba thukuta lija lasanduka kuzizira.

Ndinagona pa loji ina yaing'ono yomangidwa pamiyala m'mbali mwa madzi. Chimene chinandigwira mtima ndi mmene anailandirira njinga yanga. Sanandiuze kuti ndiisiye panja. Mlonda, bambo wachikulire, anaikweza yekha mpaka m'chipinda, ataigwira pa felemu osati pa mawaya a magiya, ndipo madzulo anandibweretsera ndowa ndi kansanza kopukutira tcheni. Amayi a kukhitchini nditawauza kuti ndinyamuka 5 koloko dzuwa lisanakwiye, ndinapeza tiyi, mazira owiritsa ndi nthochi zili kale patebulo. Pobwerako kunali kondowole ndi nsomba yootcha ya batala. Kondowole ndi nsima ya chinangwa, ndipo kwa ife ozolowera ya chimanga imafuna kuizolowera, koma imakhala m'mimba.

Zovuta zilipo. Masitepe otsikira kuzipinda ndi otsetsereka kwambiri, ndi nsapato zochovera ukhoza kuterereka. Magetsi akazima madzi otentha palibe, ngakhale ine sizinandidandaulitse popeza nyanja ili pakhomo.

Tsiku limene miyendo yakana mtunda, lowerani kummwera cha ku Chintheche. Msewu umadutsa m'minda ya mitengo ya labala ya Vizara, mthunzi wokhawokha.

Machubu a matayala opyapyala, pampu ndi mabuleki osinthira tengani kuno. Okonza njinga kumeneko ndi aluso, koma zimene amasunga ndi za njinga za kabaza, zonga Eagle zathu zakale. Ndipo pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Mu Okutobala kunyanja kumatentha zoti mtunda umenewu sungaukwanitse masana.