Njinga yopalasa, yopinda, ya matayala atatu kapena ya magetsi: ya mwana wa Duchenne ndi iti?

Mwana wanga atasiya kuyenda ali ndi zaka 11 chifukwa cha Duchenne, matenda ofooketsa minofu, aliyense wobwera kudzazonda anali ndi nzeru imodzi: mupezereni njinga yopalasa ndi manja. Sindikuwadzudzula. Tonse tidakula tikuona amene adadwala poliyo akudutsa nayo mumsewu, thumba la chimanga kumbuyo. Ngakhale bungwe la MAP, limene limapanga njingazi, poyamba linkatchedwa Malawi Against Polio. Koma poliyo imaononga kamodzi, ndipo ambiri imawasiyira mikono yamphamvu. Duchenne siima. Thupi la mwanayo silipanga dystrophin, chinthu chimene chimateteza minofu ikamagwira ntchito, choncho kufooka kumayambira m'chiuno ndi m'ntchafu, kenaka nkukwera m'mapewa. Mapewa omwewo ndiwo amapalasa njinga.

Tidaibwereka ndithu. Pamalo osalala ankayenda akuseka. Pa kamtunda kopita kusukulu ankaima pakati, thukuta lili kamukamu, mawa lake osatha kukweza kapu ya tiyi. A fiziyo, akatswiri a masewera olimbitsa thupi a kuchipatala, adatiuza mosabisa kuti pa matendawa kulimbitsa thupi mokakamiza kumapha minofu imene yatsala. Onjezani kuti njingayi silowa m'nyumba ngakhale m'chimbudzi, ndipo mpando wake sugwira msana. Kwa munthu wamkulu amene matenda ake akuyenda pang'onopang'ono, monga ena a Becker (matenda ofanana ndi Duchenne koma ocheperako mphamvu), mikono ikadali bwino, ingathandize kwa zaka zingapo. Kwa mwana wa Duchenne, ine ndikuti ayi.

Yachiwiri inali wilutcheya yopinda, ija ya m'zipatala, imene anthu akufuna kwabwino amagawa. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu: imapindika, kondakitala wa minibasi amaiponya kumbuyo, ulendo wa ku Queens nkutheka. Zina zonse ndi mavuto. Timatayala takutsogolo timatitimira mumchenga, ndiye wokankha amangoyenda atapendeketsa njinga ngati wilibala. Nsalu yokhalira ija imaphwa pakati. Yathu idali ya munthu wamkulu, mwana ankakhala chopendekera kumanzere tsiku lonse, ndipo apa mpamene ndimadzimvera chisoni, chifukwa ana a Duchenne ambiri msana umayamba kukhota akangosiya kuyenda. Msana ukakhota, mapapo amapanikizika. Ife tinkangoti bola wapeza pokhala.

Wilutcheya ya matayala atatu, aakulu awiri kumbuyo ndi limodzi lonenepa patsogolo, monga imene adakonza a Motivation a ku Britain, ndiyo imadziwa njira zathu. Imadutsa pa mizere ya m'munda, pa miyala, ngakhale m'matope a mu Januwale ngati wokankha wadya. Chimene chidandikopa kwambiri sichinali matayala koma kuti oipereka amayamba kumuyeza mwana: m'lifupi mwa chiuno, kutalika kwa ntchafu, pofika phazi. Amaikapo khushoni yeniyeni yoteteza zilonda zokhalira, ndipo mungapemphe zogwira m'nthiti kuti akhale chowongoka. Malangizo a WHO a 2008 amanena zomwezo, kuti wilutcheya iziyezedwa pa munthu wake. Chopondera mapazi musachione chochepa. Mapazi akamangolendewera, mitsempha ya kuchidendene imafupika, phazi nkuloza pansi mpaka nsapato kukana. Matayala aakuluwo ndi opopa, amaphulika inde, koma aliyense wokonza njinga za kabaza pamsika amamata chubu. Kuipa kwake, ndi yaitali. M'nyumba ya zipinda zazing'ono kutembenuka ndi nkhondo, ndipo m'minibasi konzekerani kukangana za mtengo wa katundu.

Tsono ya magetsi. Tisanamizane, ndiyo yokha imene imabwezera mwana ufulu mikono ikafooka, popeza chala chimodzi pa kandodo kowongolera chimakwana. Ku Britain anyamata a Duchenne ambiri amayendera yomweyo. Mnyamata wa zaka 14 safuna kuti amayi ake azimukankha kupita kwa anzake, ndipo zimenezo si zachibwana. Koma ambiri mwa njingazi amayendera mabatire awiri a 12 volts, ofunika kutchaja usiku uliwonse ndi kusintha pakatha chaka kapena ziwiri. Magetsi akazima masiku awiri, mwana ali pakhonde. Ndi yolemera moti anthu awiri amainyamula akubuula, imadana ndi madzi, ndipo kabokosi kowongolera kakapsa, wa njinga pamsika amangokanda mutu. Amene muli m'tauni, kapena muli ndi sola yamphamvu ndi m'bale ku Joni wotumiza zipangizo, itengeni. Musataye yokankha ija, tsiku lake lidzafika.

Ife tidatsala ndi ziwiri: ya matayala atatu ya tsiku ndi tsiku, yopinda ya maulendo okha, titaikamo thabwa pansi pa khushoni kuti isaphwe. Musanasankhe iliyonse, tengani chingwe muyeze khomo la chimbudzi. Lathu tidachita kugumula njerwa mzere umodzi, njinga itafika kale pakhomo.