Nike LeBron 21: nsapato ya munthu wolemera, yofuna bwalo la matabwa

Mu Meyi 2023 timu ya Denver Nuggets idagonjetsa Los Angeles Lakers masewero anayi otsatizana m'ndime yomaliza ya chigawo cha kumadzulo cha NBA, ligi yaikulu ya basiketibolo ku America. Usiku wa sewero lomalizalo LeBron James, katswiri wa Lakers, adauza atolankhani kuti akaganiza kaye ngati apitirize kusewera basiketibolo, ndipo aliyense adamva kuti mkuluyu akunena zopuma. Mu Julayi adalengeza kuti akadalipo. Kumapeto kwa Seputembala Nike idatulutsa nsapato ya dzina lake, LeBron 21, pa mtengo wa madola 200. Wofuna kuigula ayambe wadziwa phazi limene imayenera kunyamula: la munthu wa zaka 38 pa nthawiyo, wamtali mamita 2.06, wolemera makilogalamu pafupifupi 113, amene adalowa mu NBA mu 2003 ndipo mtsempha wa phazi lake lakumanja udavulala mu Febuluwale 2023. Ubwino wa nsapatoyi wachokera pamenepo, mavuto akenso achokera pomwepo.

Tiyambe ndi pansi, poti ndalama zanu zambiri zili kumeneko. Pakati pa phazi ndi labala wa soli pali siponji yomwe Nike imaitcha Cushlon 2.0. M'siponjimo adaikamo timatumba tiwiri ta mpweya. Kakutsogolo, kotchedwa Zoom Turbo, nkopyapyala, kotambalala pansi pa nsonga ya phazi, ndipo kali ndi mizere yoti kazipindika zala zikamapinda. Kakuchidendene nkokhuthala mamilimita 13 ndipo kadaikidwa chakumunsi, kufupi ndi labala. M'kati mwa kathumba kalikonse muli ulusi wambirimbiri womangirira khungu lapamwamba ku lapansi. Mukaponda, ulusiwo umakhwepa. Mukanyamula phazi, mpweya umaukokanso mwachangu, nchifukwa chake nsapato imakhala ngati ikukukankhani pang'ono. Pakati pa phazi pali kambale kolimba ka pulasitiki koletsa nsapato kupotokola. Mu LeBron 20 kambale kameneka kadali ka kaboni, ndipo odziwa nsapato adadandaula ndi kusinthaku, koma pabwalo kusiyana kwake nkochepa.

Kathumba ka kuchidendene kaja kali pansi pa siponji, ndiye kuti kuti mukamve muyenera kuipsinja kaye siponjiyo. Munthu wa makilogalamu 85 kapena 95 akatera atalumphira mpira wobwerera pa ring'i (ribaundi), amamva kufewa kokhazikika, bondo ndi msana osagwedezeka kwambiri. Mnyamata wa makilogalamu 60 adzati chidendene nchouma, ndipo sadzakhala akunama: thupi lake silikufika pomwe mpweya uli. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa pogula dzina. Nsapatoyi imakomera osewera pansi pa ring'i, othamanga molemera, ndi akuluakulu opitirira zaka 30 amene mawondo adayamba kulankhula. Wosewera wopepuka, wodalira kuthyola mwadzidzidzi ndi kumva bwalo pansi pa zala, apeza zomuyenera mu LeBron NXXT Gen kapena m'nsapato za osewera ang'onoang'ono matupi.

Chikopa chapamwamba adachipanga potengera chigoba cha nkhono ya m'nyanja yosunga ngale, poganizira mwana wamkazi wa LeBron, nchifukwa chake mitundu yake ili ndi maina a ngale monga Akoya, Tahitian ndi Melo Melo. Zimenezo nzokongoletsa nkhani. Chofunika kwa wosewera nchakuti pansi pa chikopacho pali tizingwe tozungulira pakati pa phazi tolumikizana ndi zingwe zomangira. Mukakoka zingwe, nsapato yonse imakumbatira phazi kuchokera pansi. Pokhota mwamphamvu phazi silisefukira kunja kwa soli, ndipo ichi ndicho chimateteza akakolo kuposa kutalika kwa khosi la nsapato. Ambiri amakhulupirirabe kuti nsapato yofika pamwamba pa akakolo ndiyo imaletsa kubinya. LeBron 21 njaifupi, monga idalili 20, koma chidendene chake ncholimba ndipo soli idatambalala chakunja kwa kachala kakang'ono. Pa kugwira phazi, nsapatoyi ili m'gulu la zabwino zenizeni.

Mtengo wa kugwira koteroko ndi kutentha ndi kuuma. Mphepo imalowa pa lilime pokha, pomwe pali timabowo. M'mwezi wa Okutobala, masana, sokosi zimanyowa kota yoyamba isanathe. Masiku oyamba chikopa chimaluma popindira zala ndi m'mbali mwa kachala kakang'ono, makamaka mitundu ya chikopa chonyezimira. Musalowe nayo mpikisano tsiku lomwe mwaigula. Ivaleni m'nyumba ola limodzi masiku awiri kapena atatu, kenako muphunzire nayo masewero kangapo mutavala sokosi zokhuthala, mabowo awiri akumunsi osawakoka kwambiri. Ikadutsa sabata ziwiri ikuponderezabe fupa la m'mbali, vuto si kuuma ayi, saizi kapena kapangidwe ka phazi lanu sikakugwirizana nayo.

Pa saizi, musadalire nambala ya US kapena UK yokha. Pondani pa pepala madzulo, phazi litatupa ndi kuyenda kwa tsiku, lembani mzere kuchidendene ndi kunsonga ya chala chachitali, muyeze masentimita. Pa kachikwangwani ka m'kati mwa nsapato za Nike za amuna, masentimita 27 ndi US 9, UK 8, EU 42.5, masentimita 28 ndi US 10, UK 9, EU 44, masentimita 29 ndi US 11, UK 10, EU 45. LeBron 21 njothina kutsogolo. Amene mapazi awo ndi otambalala, monga ambiri okulira m'masilipasi ndi opanda nsapato, awonjezere theka la saizi. Ngati m'bale wanu akukugulirani ku Johannesburg kapena ku London, mutumizireni masentimitawo, chifukwa ikafika yothina kubweza kulibe.

Tsopano nkhani ya labala, yomwe kwa owerenga a kwathu ndiyo yaikulu kuposa zonse. Pa matabwa oyera LeBron 21 imaluma bwino mbali zonse. Pa bwalo lafumbi timizere take timadzaza msanga, ndiye muzipukuta soli ndi chikhatho chonyowa pang'ono mpira ukaima. Koma mabwalo ambiri a m'masukulu ndi m'matauni a ku Malawi ndi ku Zambia ndi a simenti kapena phula. Amkati, monga Griffin Saenda ku Lilongwe, ndi owerengeka. LeBron sasewera pa simenti, ndipo labala wa nsapato yake ndi wofewa, wa timizere tosaya, wopangidwira kugwira thabwa losalala. Simenti imamupala ngati tupa. Kumayamba kutha pansi pa chala chachikulu, pomwe mumazungulirira, ndi kunja kwa chidendene. Timizere tikatha mumayamba kuterereka, ndipo labala akapyapyala kwambiri kamwala kamodzi kakuthwa kakhoza kuboola kathumba ka mpweya. Kakaboka, basi: mbali imodzi imaphwa, phazi limapendekeka, bondo nkumalandira zonse. Wosoka nsapato akhoza kumata soli yomatuka, koma mpweya sangaubwezeremo, ndipo singano yake ikalowa molakwika ndiyo imaboola kathumba komwe kadali kabwino.

Pali njira ziwiri zochepetsera vutoli. Yoyamba nkufunafuna mtundu wolembedwa EP pa katoni, womwe umagulitsidwa kwambiri ku Asia. Nthawi zambiri umakhala wotambalala pang'ono ndiponso wa labala wolimba wotchedwa XDR. Sankhaninso soli ya labala wosaonekera mkati, chifukwa wooneka ngati galasi amakoka fumbi ndipo amasanduka wachikasu. Yachiwiri, yomwe ife tikuiona yanzeru, nkusunga LeBron 21 kuti ikhale ya masewero a m'bwalo lamkati, ndi kuphunzirira pa simenti ndi nsapato yotsika mtengo. LeBron Witness, ya banja lomweli, imagulitsidwa pafupifupi theka la mtengo. Siigwira phazi ngati 21, koma ikatha mtima supweteka kwambiri. Ngati ndalama zikukwana peyala imodzi yokha ndipo bwalo lanu ndi la simenti, LeBron 21 isiyeni.

Pa kaunjika ndi pa Facebook nsapatozi zimapezeka, zenizeni ndi zafeki zosakanikirana. Onani kaye nambala ya mtundu pa kachikwangwani ka m'kati: zilembo ziwiri, manambala anayi, kamzere, manambala atatu. Ifanane pa nsapato zonse ziwiri ndi pa katoni ngati ilipo, ndipo mukailemba pa intaneti chithunzi chotuluka chikhale cha mtundu womwe muli nawo m'manjawo. Kenako valani zonse ziwiri, muime pa simenti yosalala, mupondereze chidendene chimodzi kenako chinzake. Zikasiyana kufewa, kapena mukamva kulira ngati mpweya ukutuluka, kathumba kadafa. Gwirani kunsonga ndi kuchidendene muyese kupotokola: yeniyeni imakana pakati chifukwa cha kambale kaja, yafeki imapindika ngati silipasi. Dinani kumbuyo kwa chidendene ndi chala chachikulu. Pakalowa mosavuta, nsapatoyo singateteze akakolo anu. Siponji ikakhala ndi makwinya akuya m'mbali ndiye kuti idatopa kale, ngakhale pamwamba pakuwala. Fungo lamphamvu la guluu pa nsapato yomwe akuti njatsopano nalonso ndi chenjezo. Yafeki siingokubera ndalama chabe, m'malo mwa mpweya mumakhala siponji wamba yomwe imaphwa msanga.

Kusamala kwake nkosavuta koma anthu amakuphonya. Musaiviike m'beseni la madzi a sopo waufa usiku wonse. Pukutani ndi kansalu konyowa, soli muitsuke ndi mswachi wakale. Chotsani kasiponji ka m'kati mukamaliza kusewera, muikemo nyuzipepala, iume pamthunzi. Padenga la malata kapena pafupi ndi mbaula guluu amasungunuka ndipo soli imayamba kuyasama kutsogolo. Musayende nayo pamsewu popita ku bwalo; inyamuleni m'chikwama.

Chatsala ndi funso lomwe likuchititsa ambiri kuyang'ana nsapato za LeBron panopa: kodi akapuma sizidzasowa, mtengo nkukwera? Mbiri yake njolemera moti maganizo otere ngomveka. Adatenga chikho cha NBA kanayi ndi matimu atatu: Miami Heat mu 2012 ndi 2013, Cleveland Cavaliers mu 2016 atatsalira masewero 3 kwa 1 pamaso pa Golden State Warriors, ndi Lakers mu 2020. Pa 7 Febuluwale 2023 adapitirira mapointi 38,387 a Kareem Abdul-Jabbar, mbiri yomwe anthu ankati palibe adzaifike, ndipo m'nyengo yomwe LeBron 21 idali pamsika, pa 2 Malichi 2024, adadutsa 40,000. Mu Okutobala 2024 adasewera limodzi ndi mwana wake Bronny, koyamba kuti bambo ndi mwana aoneke m'sewero limodzi la NBA. Nyengo ya 2025-26 idamupanga munthu woyamba kufika nyengo 23, kupitirira Vince Carter, ngakhale adaiyamba mochedwa chifukwa cha ululu wa mtsempha wochoka m'chiuno kutsikira kumwendo. Thupi layamba kumuuza zomwe limauza aliyense.

Koma kupuma kwake sikudzatseka fakitale. LeBron adasaina ndi Nike mu 2003 asanasewere ngakhale sewero limodzi la NBA, ndipo mu Disembala 2015 mgwirizanowo udasanduka wa moyo wake wonse. Michael Jordan adasiya komaliza mu 2003, koma Air Jordan zikutulukabe chaka ndi chaka, zakale zikubwerezedwa. Nsapato za Kobe Bryant, amene adapuma mu 2016, zidabwereranso pamsika. LeBron 22 idatuluka mu 2024, 23 mu 2025, ndipo 21 idapangidwa yochuluka moti masitolo ambiri adaitsitsa mtengo kwambiri zinzakezo zitafika. Zomwe osonkhanitsa amalimbirana ndi zomwe mwini wake adavala pabwalo kapena zotuluka zochepa, osati zomwe aliyense angagule. Komanso siponji ndi guluu zimakalamba m'katoni, makamaka kotentha ndi kwachinyezi ngati ku Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja. Woisunga zaka khumi akuyembekezera phindu akhoza kudzapeza soli ikumatuka yokha.

Kutsika mtengo komweko ndiko kwaipanga LeBron 21 kukhala yoyenera kugula tsopano kuposa pomwe idatuluka. Pa madola 200 idali yodula kwa wosewera wa ligi za kwathu. Pa mtengo wotsitsidwa, kwa munthu wolemera makilogalamu 80 kupita m'mwamba, wosewera pa matabwa kapena pa bwalo la labala, wa phazi losatambalala kwambiri, tikuivomereza ndi mtima wonse. Musanalipire, funsani ngati ndi EP, yezani masentimita, ndipo mupondereze zidendene zonse ziwiri.