Andorra ndi Liechtenstein, timaiko tamumapiri koma ulamuliro wosiyana

Tonse ndi timaiko tating'onoting'ono tofinyikizidwa ndi anzawo akuluakulu, Andorra ili mumapiri a Pyrenees pakati pa France ndi Spain, Liechtenstein ili ku Alps pakati pa Switzerland ndi Austria ndipo mtsinje wa Rhine ndi malire ake chakumadzulo. Andorra ndi 468 km², mnzakeyo 160 basi, kamtunda koti pagalimoto ungotsinzina pang'ono wadutsa kale.

Nkhani yakoma ndi ya mafumu. Andorra ili ndi akalonga awiri ndipo onsewo sakhala m'dzikomo, wina ndi bishopu wa ku Urgell ku Spain winayo ndi pulezidenti wa France, eee pulezidenti wosankhidwa ndi aFalansa koma ku Andorra ndi kalonga. Za akalonga awirizi zinayamba mu 1278. Chikhazikitsireni malamulo a 1993 awiriwa ndi aulemu chabe, ntchito yeniyeni amagwira ndi boma ndi nyumba yamalamulo ya anthu 28.

Ku Vaduz, likulu la Liechtenstein, nde zina. Kalonga wakumeneko Hans-Adam II si wongokhala pampando kumajambulidwa ayi, atha kukana lamulo kapena kuchotsa boma, ndipo mphamvu zina anamuwonjezera ndi anthu eni ake pa referendamu ya 2003. Kuyambira 2004 zambiri akuyendetsa ndi mwana wake Alois. Amayi kumeneko anayamba kuvota mu 1984, mochedwa zedi.

Ndalama, Andorra ndi yuro ngakhale sili mu EU, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, Liechtenstein ndi franc ya Switzerland. Ine bola za Andorra, mfumu yokhala kutali sikuvutitsa.