Klatchi imodzi kapena ziwiri: kuyerekeza F1 ndi e-gear pamodzi ndi PDK

Amene akufuna kugula galimoto ya liwiro yogwiritsidwapo kale ntchito, yomwe magiya ake amasinthidwa ndi tizitsulo tiwiri ta kuseri kwa chiwongolero, adziwe kuti tizitsuloto timaoneka mofanana koma zam'kati mwa giyabokosi zimasiyana, ndipo matenda ake amasiyananso.

Mtundu woyamba ndi wa klatchi imodzi. Ferrari inauyamba pa F355 mu 1997 n'kuupitiriza pa 360 Modena ndi F430 pansi pa dzina loti F1, pamene Lamborghini inautcha e-gear pa Gallardo ndi Murciélago. Iyi ndi giyabokosi wamba yosinthira pamanja, kungoti ntchito ya phazi ndi dzanja imagwiridwa ndi pampu yamagetsi yokankha oyilo motsogozedwa ndi kompyuta. Mukangotsegula chitseko cha dalaivala pa F430, mumamva pampuyo ikulira kwa masekondi angapo. Ikayamba kulira pafupipafupi, kawirikawiri ndiye kuti accumulator, kabotolo kosunga mphamvu ya oyilo, kafooka, ndipo pampu ndi relay yake (kaswitchi kamagetsi koyatsa pampuyo) zimatentha mpaka kupsa. Zikatero galimoto imakana kulowa giya, kapena imadzibwezera yokha pa N muli pakati pa msewu. Klatchi ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa kukwawa pa mzere wa magalimoto kumaidya, ndipo rivesi yokwera chitunda imaiwotcha moti fungo lake limafika m'kati mwa galimoto. Chotonthoza n'chakuti pampu, relay ndi mapaipi zili kunja kwa giyabokosi komwe makaniko amafikira, komanso kompyuta yoyezera imaonetsa mmene klatchi yathera musanapereke ndalama.

Mtundu wachiwiri ndi wa klatchi ziwiri zozungulira mu oyilo, ina ya magiya 1, 3, 5 ndi 7, ina ya 2, 4 ndi 6. Porsche inaika yake yotchedwa PDK, yopangidwa ndi kampani ya ZF, pa 911 mu 2008, ndipo Ferrari inatenga ya kampani ya Getrag pa California ndi 458 Italia. Imasintha magiya mosagwedeza, imapirira m'tauni, ndipo klatchi zake zimakhalitsa. Vuto lake ndi masensa aang'ono okhala m'kati mwenimweni: kamodzi kakangofa, galimoto imataya magiya ena, ndipo kuti mukafikire pamafunika kutsitsa giyabokosi ndi kuiphwasula. Kwa nthawi yaitali magalaja a makampani ankangosintha giyabokosi yonse, ngakhale tsopano alipo akatswiri oima paokha amene amasintha sensa yokhayo.

Ineyo, pa galimoto yoyenda nayo sabata ndi sabata, ndingasankhe ya klatchi ziwiri mosazengereza, bola oyilo wake azisinthidwa pa nthawi yake. Ya klatchi imodzi ndingaigule pokhapokha nditapeza makaniko wodziwa kuichuna pa kompyuta, ndipo ndalama ya klatchi yatsopano ndingaichotseretu pa mtengo wogulira.